Kumapeto kwa Chithunzi

Banja la a Elvira linkafika ku Mar del Plata mwezi wa Januwale uliwonse, ndipo chaka chilichonse linkalowa m'tenti yomweyo ya pagombe, nambala 29. Anayamba kuichita lendi ndi bambo awo a Elvira, kale sitima ikadadzaza ndi antchito a m'mafakitale opita kutchuthi. Mkuluyo anamwalira, mkazi wake anamutsatira, nsalu ya tenti inasinthidwa kangapo, koma nambala sinasinthe. Miyambo inali iwiri. Tsiku loyamba la mvula, akazi a m'banjamo ankatchena n'kupita ku kasino, nyumba ya juga, kukaika kandalama kamodzi ka pulasitiki pa nambala 29. Loweruka lomaliza, onse ankakajambulitsa pa Lobo, chilombo cha m'nyanja chosema pamwala chomwe chili pamasitepe otsikira kumchenga.

Noelia, mwana yekhayo wa a Elvira, chaka chino ankafuna kuti pachithunzicho paime chibwenzi chake, Lisandro.

"Wa kudoko," anatero a Elvira, akuthira madzi otentha m'chikho cha tiyi wawo wa masamba owawa. "Ndiye kuti amanunkha nsomba."

"Amagwira mu ofesi, amayi."

"Ofesi ya nsomba imanunkha nsomba."

A Pocha, akulu awo a Elvira, anali gone pampando wansalu, thupi lonse lili noninoni ndi mafuta ngati nkhuku yodikira moto. Anatsitsa magalasi adzuwa.

"Iwe Elvira, fungo la nsomba limachoka ndi sopo. Ine ndinakwatiwa ndi munthu wonunkhira ngati maluwa, mpaka ndinamuika m'manda ndisanamumve akuseka. Mwanawe, wakoyo amaseka?"

"Amaseka, amayi aakulu."

"Basi, abwere."

"Achemwali, inu mumavomera chilichonse chovala buluku."

"Ndikuvomera chifukwa mwanayu ndi wosochera chibadwire, akufunika womugwira dzanja. Waiwala chaka chija anatayika pamchenga pompano? Gombe lonse likuwomba m'manja kuti makolo amve, ife tikulira, iye ali phee paphewa pa wogulitsa chimanga, akudya. Anatsika pokhapokha atamva mluzu wa bambo ake..."

A Pocha anabwezera magalasi kumaso msangamsanga.

A Osvaldo, bambo ake a Noelia, sankatchulidwa m'tenti 29. Noelia ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, bambowo anaperekeza akazi ku kasino tsiku la mvula, n'kuona mkazi woponya kampira pagudumu la juga, dzina lake Zulema. Tchuthi chitatha banja linabwerera kwawo ku Lanús, iwo anatsala. Anamwalirira komweko patapita zaka, ndipo kumaliro sikunapite aliyense. Zithunzi za pa Lobo zikadali pakhoma kunyumba, kuyambira za agogo zofwifwa zija, koma a Elvira anazidutsitsa sizasi. Pamene a Osvaldo anaima pakati panatsala chibowo. Pamene anaima kumapeto, chithunzi chinangochepa.

Anthu ankayesa kuti a Elvira sadzapondanso m'tauniyo. Iwo anati nyanja si ya Zulema. Tsiku la mvula ankalowa m'kasinomo atavala diresi loposa onse, khosi lili njo, kuti mkazi uja, yemwe tsopano anali kapitawo wa matebulo, aone kuti sanafe. Sankalankhulana. Ankangoyang'anana patali.

"Abwere Loweruka," anatero a Elvira pomaliza. "Ndikaona kuti ndi munthu, aima nafe. Koma kumapeto, komwe sizasi imadutsa mosavuta. Ndipo mawu anga ukuwadziwa. Kaya wosauka, kaya wadazi, bola asakhale wa kukasino."

Noelia anawapsompsona patsaya n'kuthamangira m'madzi, mtima ukuvina. Anasambira mpaka miyendo inazizira, kuti nkhope yake isamuulule. Lisandro anali asanagwirepo ntchito kudoko ngakhale tsiku limodzi. Ankaponya kampira pagudumu la juga.

* * *

Atatuluka m'madzi anapeza Gastón akumudikira ndi thaulo. Anali wa m'tenti 30, dokotala wa mano, ndipo ankamwetulira ngati chikwangwani cha ntchito yake. Anakulira limodzi pamchengapo, ndipo a Elvira anali atamusankha kukhala mkamwini Noelia asanamere mabere.

"Ndamva kuti Loweruka tilandira mlendo."

"Tilandira ndi ndani? Iwe uli pachithunzi chathu?"

"Ndine wojambula wanu kuyambira liti, Noe? Ndimakuonani nonse pagalasi, ndimadziwa pamene pali mpata." Anamupatsa thaulo. "Dzulo ndinakuona uli naye pamsewu wa m'mbali mwa nyanja. Wamtali, wa galu wakuda. Nkhope ija ndikuidziwa, kungoti ndinazolowera kuiona ili ndi katayi pakhosi."

Noelia anapukuta tsitsi pang'onopang'ono.

"Ndiye ukauze amayi. Uyambe ndi kufotokoza kuti iweyo nkhope za m'kasino wazizolowera bwanji, pamene umawauza kuti madzulo umawerenga mabuku."

Mano aja anabisala pang'ono, kenako anatulukanso.

"Ine sindine wamiseche. Sindinena kanthu." Anayang'ana kumwamba. "Akuti mawa kugwa mvula."

* * *

M'mawa mwake anakumana ndi Lisandro pamiyala yotchinga mafunde, kutali ndi matenti. Noelia anamva kaye mluzu asanamuone, kawiri kafupikafupi, kamodzi kotalika. Ndi mluzu womwewo umene unawakumanitsa chaka chatha. Tsiku lija Noelia anali m'madzi, ndipo anatembenuka mutu usanaganize, ngati kamwana kotayika pamchenga kaja. Anapeza mnyamata wamtali akuitana galu. Atamufunsa kumene anauphunzira, anati kwa mkulu wina amene anamulera pamodzi ndi azakhali ake, poti makolo ake anamwalira ali wamng'ono. Kuyambira pamenepo basi ya pakati pa Lanús ndi kunyanja inawadziwa onse awiri.

"Avomera," anatero Noelia akumudumphira m'khosi. "Loweruka uima nafe. Kumapeto, koma uima."

"Ngati wa kudoko."

"Ngati wanga. Zinazo tiwauza chithunzi chikakwera pakhoma. Amayi amakalipa, koma munthu amene anaseka naye pa Lobo samutaya msanga."

"Bambo ako sanawataye?"

"Iwo anadzitaya okha. Iwe, Gastón wakuzindikira."

Lisandro anayang'ana mitambo imene inkasonkhana kumwera. Galu anagona pamapazi pawo.

"Noe, ntchito yathu ili ndi lamulo. Patebulo pakaima m'bale wako, chibwenzi chako kapena wakwawo kwa chibwenzicho, suponya kampira. Umakweza dzanja, kapitawo amabwera, umanena chifukwa chake, wina amalowa m'malo mwako."

"Ndiye usakweze. Ndani akudziwa? Amayi sayang'ana nkhope ya munthu wovala katayi. Kwa iwo nonsenu ndinu mipando. Atha kuima patsogolo pako lero, Loweruka n'kukufunsa mtengo wa nsomba."

"Ndipempha tebulo lakumapeto, kuseri kwa chipilala. Inu mumapita lapafupi ndi khomo, eti?"

"Wadziwa bwanji?"

"Unandiuza."

Noelia sanakumbukire kuti anamuuzapo, koma chaka chathunthu munthu amalankhula zambiri.

"Pali zinanso zoti ndikuuze," anatero Lisandro. "Ndakhala ndikuzengereza."

"Uli ndi mkazi?"

"Ayi."

"Mwana?"

"Galu yekhayu."

"Ndiye zidikire Loweruka lidutse." Anamutseka pakamwa ndi chikhatho, kenako ndi milomo. Dontho loyamba linamugwera pakhosi.

* * *

Pofika masana gombe linali litathawidwa. M'kanyumba kamene ankachita lendi, a Pocha ankalimbana ndi zipi ya diresi lobiriwira, akuimba mlandu makeke a m'tauniyo.

"Ine ndi mayi ako tili aang'ono kuposa iwe tinkalowa m'kasinomo ndi bodza la zaka," anauza Noelia amene ankakoka zipi. "Agogo ako aamuna ankatsala pakhomo, chipewa m'manja, akupemphera kuti 29 isatuluke. Ankati ikatuluka mkazi wawo azolowera."

"Inatulukapo?"

"Kamodzi, iwe usanabadwe. Tinadya nkhanu mpaka tonse tinadwala m'mimba. Chithunzi cha chaka chimenecho uchiyang'ane bwino, palibe akuseka."

A Elvira anatuluka m'chipinda atavala lofiira, milomo yofiira, ndolo za amayi awo. Mkazi wa zaka makumi asanu ndi mphambu, wowongoka ngati mzati. Noelia anawayang'ana n'kuona kuti sanavalire juga, avalira nkhondo.

Foni ya Noelia inanjenjemera m'thumba, uthenga wa Lisandro.

"Ndili patebulo lakumapeto. Kuseri kwa chipilala. Sindioneka."

"Tikhala kanthawi kochepa. Usatuluke kumeneko."

"Wavala chiyani?"

"Sizikukukhudza. Loyera."

"Ndiye ndisuzumira."

"Ukasuzumira ndikupha."

Noelia ankasekabe pamene belu linalira. Anali Gastón, atanyamula ambulera yaikulu ngati denga.

"Sindingalole amayi anyowe," anatero, akupereka mkono kwa a Elvira.

* * *

M'kasinomo munali fungo la majekete onyowa ndi mafuta onunkhira. Tauni yonse inathawira mommo. Nyale zinkayaka ngakhale kunja kunali kusanade, ndipo timipira tinkalira m'magudumu mbali zonse. Patebulo lapafupi ndi khomo anthu anali atathithikana.

"Tidikire pompano," anatero Noelia. "Ndi pamene timaika chaka chilichonse."

"Ndi nsapato zimene avala amayi aakuluzi?" anatero Gastón. "Ndikudziwa tebulo lina lili ndi mpando. Kumapeto uko."

"Mpando," anatero a Pocha ngati atchula dzina la woyera mtima, ndipo anatsogola.

Noelia anatsatira. Analemba uthenga akuyenda, koma ankadziwa kuti pantchito foni imatsala m'kabati. Anazungulira chipilala.

Lisandro anali atavala malaya oyera, kajekete kopanda manja ndi katayi kakuda. Manja ake ankasonkhanitsa tindalama ta pulasitiki mwaliwiro losaoneka. Anakweza maso, anaona diresi loyera, kenako lobiriwira, kenako lofiira. Manja anaima.

"Elvira, taona kamnyamata aka," anatero a Pocha akudziponya pampando. "Ndikanakhala wamng'ono ndi zaka khumi zokha."

"Makumi anayi, achemwali."

A Elvira sanayang'ane n'komwe. Maso awo ankasesa chipinda chonse pamwamba pa mitu ya anthu, kufunafuna mdani wawo. Noelia anapuma. Zinali monga ananenera. Kampira kakangozungulira kamodzi, atuluka, ndipo Loweruka lifika lili lathunthu.

A Pocha anapsompsona kandalama kawo n'kukaika pa 29. Noelia anayang'ana Lisandro m'maso, n'kupukusa mutu pang'ono. Ponya. Chonde ponya.

Lisandro anatenga kampira koyera. Anakagwira pakati pa zala.

"Ponyani bwana, anthu akudikira," anatero Gastón mokweza. "Kapena kampirako kakununkha nsomba?"

Lisandro sanamuyang'ane. Anabwezera kampira pamalo pake, anaonetsa zikhatho zake kuti zilibe kanthu monga amachitira onse pochoka patebulo, n'kukweza dzanja lamanja.

"Pepani nonse. Sindingaponye. Abwera wina."

Anthu anang'ung'udza. Apa m'pamene a Elvira anatsitsa maso.

"Chavuta n'chiyani, mnyamata? Kandalama kathu ndi kabodza?"

"Ayi, mayi. Lamulo silindilola kuponya pamene paima mkazi amene ndikufuna kumukwatira, ndi mayi ake." Mawu ake sananjenjemere, koma makutu anali atafiira. "Dzina langa ndine Lisandro. Sindigwira kudoko."

Kenako nkhalamba ina ya ndevu zoyera inaseka n'kuwomba m'manja, mayi wina anagwira pamtima, ndipo a Pocha anamenya tebulo mpaka tindalama tinadumpha.

"Kukwatira! Wamva, Elvira? Pamaso pa anthu, masana, asanamwe kanthu."

Noelia sanadziwe ngati amumenye mbama kapena akwere patebulo kukamukumbatira. Mawu a ukwati anali asanatulukepo m'kamwa mwa Lisandro chaka chonsecho. Anawasungira pano, pamalo oipa kuposa onse, ndipo anali okoma. Gastón anali atasiya kumwetulira. Ankayembekeza kugwira wabodza, ndipo wabodzayo anali atadzigwira yekha.

A Elvira anamuyang'ana mnyamatayo kuchokera kutsitsi mpaka kumanja, osafulumira.

"Ukanatha kukhala chete."

"Ndikanatha, mayi."

"Loweruka sindikanakuzindikira."

"Ndikudziwa."

"Ndiye bodza la kudoko ndi la ndani?"

"Langa, amayi," anatero Noelia.

"Ndimadziwa. Lili ndi fungo lako." A Elvira anatembenukiranso kwa Lisandro, ndipo Noelia anaona chinthu chimene anali asanachione kwa zaka: pakona pa milomo yofiira ija panafewa. "Mwamuna amene ndinamudziwa ine akanaponya, n'kundipsompsona dzanja Loweruka. Iwe ndiwe chitsiru cha mtundu wina. Sindinanene kuti ndavomera. Ndangoti..."

Sanamalize. Anthu anapatuka kupereka njira kwa kapitawo.

Anali mkazi wamfupi, wa tsitsi la imvi lometa bwino, suti yakuda. Kwa zaka zonsezi Noelia ankamuona patali, kachidontho kakuda kutsidya kwa chipinda. Pafupi anali ndi makwinya ngati mayi wina aliyense. Zulema anafika chakumbuyo kwa tebulo, maso ali pa wantchito wake yekha, ndipo dzanja lake linapita lokha kukawongola katayi kamene kanapendekeka.

"Chachitika n'chiyani, mwana wanga? Wadwala?"

"Azakhali," anatero Lisandro chapansipansi, "tayang'anani kutsogolo."

Zulema anayang'ana. Dzanja linatsala pakatayi.

Palibe amene anakuwa. A Elvira anatambasula mkono pamwamba pa tebulo, anachotsa kandalama pa 29, chinthu chimene chinali chisanachitikepo chiyambire mwambowo, n'kukaika m'chikwama.

"Achemwali, dzukani. Mpando wakwana."

* * *

Kunja mvula inkagwabe. Anayenda m'khonde lalitali la zipilala, a Elvira patsogolo, a Pocha akutsimphina, Gastón akuthamanga ndi ambulera yopanda ntchito. Noelia ankatsatira pambuyo. Kumanzere, kupyola mvula, Lobo anali atakweza mphuno kumwamba, yekhayekha pamasitepe.

Kumbuyo kunalira mluzu. Kawiri kafupikafupi, kamodzi kotalika.

Noelia anaima. Koma sanaime yekha. A Elvira anauma pamene anali, msana utawongoka ngati wina wawathira madzi ozizira, ndipo a Pocha anadzilemba mtanda. Apo m'pamene Noelia anamva bwinobwino chimene makutu ake anakhala akumuuza chaka chonse.

Lisandro anafika akupuma mwawefuwefu, malaya atamatirira pathupi. Noelia anamukokera kuseri kwa chipilala.

"Mkulu amene anakulera. Dzina lake."

"Osvaldo."

"Unadziwa liti kuti ndine mwana wake? Nditakuuza dzina la bambo anga?"

Lisandro anapukusa mutu.

"Loweruka lomaliza la Januwale aliyense ankanditenga. Tinkaima pompano, pachipilala chino. Ankandigulira mtedza kuti ndikhale chete, iwo n'kumakuonani mukujambulitsa. Tsiku la mvula ankakhala pabenchi kutsidya kwa msewu mpaka mutuluke. Ankandilozera. Ankati uyo wa miyendo ngati udzudzuyo ndi wanga, wakula kuposa chaka chatha. Atamwalira ndinkabwerabe ndekha. Sindikudziwa chifukwa chake."

"Ndiye tsiku lija sunkaitana galu."

"Galu anali pamapazi panga."

Noelia anamva mkwiyo ukukwera, koma pansi pake panali china chotentha kuposa mkwiyo. Bambo amene ankayesa kuti anamuiwala ankaima apa, pamwala womwewu, akumuyeza msinkhu ndi maso. Ndipo zaka zimene iye ankazifuna, za kuphunzitsidwa njinga, za kuitanidwa ndi mluzu kuti atuluke m'madzi, zinapita kwa munthu ali patsogolo pakeyu.

"Unadya bambo anga," anatero. "Ine ndinatsala ndi chibowo pakhoma."

"Ndikudziwa. Ndinkafuna kukuuza m'mawa."

"M'mawa wa lero? Panali chaka, Lisandro."

"Ndinkaopa kuti uchoka."

"Ndiye ukwati uja unanena mkatimu?"

"Umenewo sindikuopa."

Lisandro anamugwira dzanja. Noelia sanalibweze, sanalifinyenso. Zidendene zinagogoda pamwala, ndipo a Elvira anatulukira pachipilalapo. Iwo sanamuyang'ane n'komwe mnyamatayo. Anali atabwerera kukhala mpando.

"Ananditengera mwamuna," anatero kwa mwana wawo, mawu ali bata. "Tsopano watuma mwana wake kudzatenga chotsala. Sindikukakamiza, ndiwe wamkulu. Loweruka tijambulitsa monga mwa nthawi zonse, ine, achemwali ndi iwe. Uyu saimapo, lero ngakhale ine nditafa."

Anatsegula chikwama, anatulutsa kandalama kaja n'kukaika m'dzanja la Noelia, lomwe linali lopanda kanthu. Linalo linali likadali m'dzanja la Lisandro, ndipo a Elvira analiyang'ana nthawi yaitali.

"Chibadwire chako umaima pakati," anatero. "Ukamabwera Loweruka, ubwere utasankha. Ukabwera dzanja limenelo likadali lotentha, ukaime kumapeto."